Khansa ya m'mapapo: momwe makompyuta akusakira makemikolo amene amaiyambitsa

Mukamva za khansa ya m'mapapo, mwina mumaganiza za bambo wachikulire amene wakhala akusuta fodya kuyambira ali mnyamata. Simukulakwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse odwala khansa imeneyi, pafupifupi 85 amadwala chifukwa cha fodya. Koma otsalawo si ochepa. M'zipatala za m'maiko ambiri madokotala akulandira odwala amene sanagwirepo ndudu chibadwire, ambiri mwa iwo amayi, ndipo onse amafunsa funso limodzi: nanga ine yandipeza bwanji?

M'mwezi wa July 2025, magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafuna kuyankha funso limeneli. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Ludmil Alexandrov wa ku University of California San Diego ndi Maria Teresa Landi wa ku National Cancer Institute ku America linaunika zotupa za m'mapapo za anthu 871 osasuta fodya, ochokera m'madera 28 a maiko osiyanasiyana. Linapeza kuti anthu okhala kumadera amene mpweya wake ndi woipa kwambiri anali ndi DNA yowonongeka kwambiri, ndipo kuwonongeka kwina kunali kofanana ndi kumene kumapezeka mwa osuta fodya. Mwa odwala ena a ku Taiwan linapezamo chizindikiro cha aristolochic acid, poizoni wopezeka m'zomera zina zimene anthu amamwa ngati mankhwala azitsamba.

Palibe dokotala amene akanaona zimenezi ndi maso, ngakhale atakhala ndi maikulosikopu yamphamvu chotani. Zinatheka chifukwa cha makompyuta. Ndiye kodi kompyuta ingadziwedi kemikolo imene imayambitsa khansa? Imatha kuloza makemikolo ofunika kuwakayikira, ndipo imachita zimenezi mofulumira kuposa munthu aliyense. Koma chigamulo chimadikirabe umboni wa mu labotale ndi wa anthu enieni. Muyenera kudziwa kusiyana kumeneku, makamaka masiku ano pamene mauthenga akuti "asayansi apeza kuti chakutichakuti chimayambitsa khansa" akungoyendayenda pa WhatsApp.

Makemikolo ndi ambiri, nthawi ndi yochepa

Tikati makemikolo, musangoganiza za mankhwala a m'botolo opopera m'munda. Utsi wa nkhuni, fumbi la miyala, penti, sopo, ngakhale mchere wa m'ndiwo, zonsezi ndi makemikolo. Ambiri alibe vuto. Ochepa ndi amene amawononga maselo a m'thupi mpaka maselowo kuyamba kuchulukana mosalamulirika, kumene ndi kuyambika kwa khansa.

Malinga ndi chiwerengero cha IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mapapo ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira nayo. Palibe khansa ina imene imapha anthu ambiri chonchi padziko lapansi. Mbali inayi, kafukufuku wa mu 2020 amene anaphatikiza m'kaundula wa maiko osiyanasiyana anapeza kuti makemikolo ndi zosakaniza zake zolembetsedwa kuti zizipangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito zimaposa 350,000. Utsi wa fodya wokha uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo ndi odziwika kuti amayambitsa khansa.

Kale panali njira zitatu zodziwira kemikolo yoopsa. Yoyamba inali kuona anthu amene akudwala. Mu 1950, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafunsa odwala a m'zipatala za ku London za moyo wawo ndipo anapeza kuti pafupifupi onse odwala khansa ya m'mapapo anali osuta fodya. Chaka chotsatira anayamba kutsatira madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain, ndipo kafukufukuyu anatenga zaka 50. Umboni wotere ndi wamphamvu, koma umabwera mochedwa. Khansa ya m'mapapo imatha kutenga zaka 20 kapena 30 isanaonekere, choncho chiwerengero chikamadzaloza choyambitsa, anthu ambiri amakhala atapita kale kumanda.

Njira yachiwiri ndi kuyesa pa makoswe ndi mbewa za mu labotale. Nyama mazanamazana zimapatsidwa kemikolo imodzi kwa zaka ziwiri, kenako akatswiri amazing'amba n'kuunika ziwalo zake. Kuyesa kemikolo imodzi yokha kumadya ndalama zankhaninkhani, ndipo khoswe si munthu. M'zaka za m'ma 1970 shuga wopanga wotchedwa saccharin anapezeka kuti amayambitsa khansa ya chikhodzodzo mwa makoswe. Patapita zaka, zinadziwika kuti zimene zimachitika m'chikhodzodzo cha khoswe sizichitika mwa munthu, ndipo mu 2000 boma la America linamuchotsa pa mndandanda wa zoyambitsa khansa.

Njira yachitatu inabwera ndi Bruce Ames m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Iye anaonetsa kuti mutha kuthira kemikolo pa mabakiteriya n'kuona m'masiku ochepa ngati yasintha DNA yawo. Ndi njira yotchipa komanso yachangu, koma imangoyankha funso limodzi lokha, lakuti kodi kemikoloyi imawononga DNA.

Tsopano werengani nokha. Ngakhale dziko litamayesa makemikolo 100 pa nyama chaka chilichonse, kuti amalize onse 350,000 pangapite zaka 3,500. Apa ndi pamene kompyuta inalowerera.

Kuzindikira kemikolo ndi kapangidwe kake

Ngati munakulira kumudzi, mukudziwa mmene agogo amasankhira bowa nthawi ya dzinja. Amayang'ana mtundu, tsinde, fungo ndi malo amene wamera, n'kunena kuti uyu ndi ndiwo, uyu musamukhudze. Sanalawe bowa aliyense wa m'tchire, koma aona wambiri moti amadziwa zizindikiro za wakupha.

Njira yakale kwambiri ya pakompyuta imagwira ntchito chimodzimodzi. Kemikolo iliyonse ili ndi kapangidwe kake, kutanthauza mmene tizidutswa take tating'onoting'ono totchedwa maatomu talumikizirana. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa ku America Corwin Hansch anaonetsa kuti masamu atha kulumikiza kapangidwe ka kemikolo ndi zimene imachita m'thupi. Njirayi imadziwika ndi dzina lachidule lakuti QSAR. Mu 1988, John Ashby ndi Raymond Tennant anaunika makemikolo 222 amene anali atayesedwa kale pa nyama, n'kulemba mndandanda wa zizindikiro za kapangidwe zimene zimapezeka kawirikawiri pa makemikolo owononga DNA. Lero kompyuta imapatsidwa makemikolo zikwizikwi amene zotsatira zake zimadziwika kale, imaphunzira zizindikirozo, kenako imayerekezera kemikolo yatsopano ndi zimene yaphunzira. Imatha kuchita zimenezi ngakhale pa kemikolo imene fakitale sinayambe kupanga.

Chitsanzo chabwino ndi benzo[a]pyrene, imene akatswiri a ku London anaipatula kuchokera mu phula la malasha mu 1933. Imapezeka paliponse pamene chinthu chikuyaka koma osapsa bwinobwino: mu ndudu, mu utsi wa nkhuni, mu utsi wa dizilo. Kapangidwe kake ndi timikombero tisanu togundana. Ikalowa m'thupi, thupi limayesa kuisintha kuti liitulutse, koma posinthapo imasanduka chinthu chomata pa DNA. Mu 1996 ofufuza anaonetsa kuti imakonda kumata pamalo enieni a jini yotchedwa p53, malo omwewo amene amapezeka owonongeka mwa odwala khansa ya m'mapapo. Jini ndi kachigawo ka DNA kamene kamapereka langizo limodzi ku selo, ndipo ntchito ya p53 ndi kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane. Kompyuta ikakumana ndi kemikolo ina ya timikombero totere, imaikweza pamwamba pa mndandanda wa zokayikitsa.

Njirayi ikugwira kale ntchito pa zinthu zimene mumagwiritsa ntchito. Kuyambira mu 2014, malamulo a pakati pa maiko otchedwa ICH M7 amalola makampani opanga mankhwala a kuchipatala kugwiritsa ntchito mapulogalamu awiri osiyana a QSAR poona ngati zotsalira zazing'ono za m'mapiritsi zingawononge DNA. Onse awiri akanena kuti palibe chokayikitsa, kuyesa kwa mu labotale sikufunikanso. Imodzi ikakayikira, akatswiri amaunikanso ndipo atha kukayesa pa mabakiteriya.

Maloboti ndi makompyuta odziphunzitsa

Kompyuta imaphunzira bwino ikapatsidwa zitsanzo zambiri. Mu 2008 mabungwe a boma la America oona za umoyo ndi zachilengedwe anagwirizana kuyambitsa ntchito yotchedwa Tox21. Maloboti amathira makemikolo pafupifupi 10,000 pa maselo okulitsidwa mu labotale, m'timbale tokhala ndi timabowo 1,536 kalikonse. Makina amalemba zimene zachitika m'kabowo kalikonse: kodi selo lafa, kodi DNA yawonongeka, kodi p53 yadzuka. Ntchito imene ikanatenga anthu zaka zambiri imatha m'masabata ochepa, ndipo zotsatira zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense azione.

Mu 2014 oyendetsa ntchitoyi anachititsa mpikisano. Anapereka zotsatira za makemikolo ambiri kwa akatswiri a makompyuta padziko lonse, n'kubisa za makemikolo ena, kuti aone amene pulogalamu yake ingalosere molondola zobisikazo. Gulu la ku Johannes Kepler University mumzinda wa Linz ku Austria ndi limene linapambana, pogwiritsa ntchito luso la makompyuta odziphunzitsa okha, lomwe lero aliyense akulitchula kuti AI. Kuyambira pamenepo njira zotere zafala kwambiri pa kafukufuku wa poizoni.

Kemikoloyi imayenda ndi ndani?

Njira ina siyang'ana kapangidwe. Imafunsa kuti kemikolo ikalowa m'thupi imakagwirana ndi chiyani. Mukukumbukira nthawi ya Covid-19, pamene azaumoyo ankafufuza anthu onse amene anakumana ndi wodwala? Kukumana ndi wodwala sikunkatanthauza kuti nanunso mwadwala, koma kunkakuikani pa mndandanda wa oyenera kuyezedwa.

Pali nkhokwe zikuluzikulu za pa intaneti, monga STITCH ndi Comparative Toxicogenomics Database, zimene zimasonkhanitsa zimene asayansi alemba zokhudza kemikolo iliyonse ndi majini kapena mapuloteni amene imakhudza. Kompyuta imajambula zonsezi ngati ukonde. Kenako ofufuza amaiuza makemikolo ndi majini odziwika kale pa khansa ya m'mapapo, n'kuifunsa kuti ndi makemikolo ena ati amene ali pafupi kwambiri ndi amenewa mu ukondemo. Pamapeto pamatuluka mndandanda waufupi wa makemikolo ofunika kuwafufuza.

Apa ndi pamene atolankhani ndi otumiza mauthenga ambiri amasokonezera nkhani. Mawu akuti "ikukhudzana ndi khansa ya m'mapapo" satanthauza kuti "imayambitsa khansa ya m'mapapo". Mankhwala a cisplatin amapezeka pafupi kwambiri ndi khansa imeneyi m'nkhokwe zoterezi, chifukwa madokotala amawagwiritsa ntchito pochiza odwala ake. Komanso kemikolo imene asayansi ailemba kambirimbiri imaoneka ndi maubale ochuluka, pamene imene palibe waifufuza imaoneka yosalakwa chifukwa chongosowa mbiri.

Mapazi otsala mu DNA

Njira imene inagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa mu July 2025 imayambira kumapeto. M'malo moyamba ndi kemikolo, imayamba ndi chotupa cha wodwala.

Mlimi akapeza chimanga chake chawonongedwa usiku, amayang'ana mapazi ndi kadyedwe n'kudziwa ngati zinali ng'ombe, mbuzi kapena anyani. Chovuta ndi pamene nyama zonsezi zadutsa pamalo amodzi ndipo mapazi apondana. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, za mitundu inayi yokha: A, C, G ndi T. Chinthu chilichonse chowononga DNA chili ndi kawonongedwe kakekake. Utsi wa fodya umakonda kusintha C kukhala A. Dzuwa likawotcha khungu limakonda kusintha C kukhala T. Poizoni wa chuku wa mu mtedza ndi chimanga, wotchedwa aflatoxin, amasiya chizindikiro chake mu khansa ya chiwindi. Chotupa chimodzi chimatha kukhala ndi zilembo zosinthika zikwizikwi zochokera ku zoyambitsa zingapo, zonse zitasakanikirana. Ntchito ya kompyuta ndi kulekanitsa mapaziwo.

Mu 2013, Alexandrov, Mike Stratton ndi anzawo ku Sanger Institute ku Britain anaunika zotupa 7,042 za mitundu 30 ya khansa n'kupeza zizindikiro zoposa 20 zosiyanasiyana. Mu 2016 anaunika zotupa zoposa 5,000 n'kuwerengera kuti munthu wosuta paketi imodzi ya ndudu tsiku lililonse kwa chaka chimodzi amawonjezera zilembo zosinthika pafupifupi 150 mu selo lililonse la m'mapapo. Mu 2019 gulu lina ku Britain linathira zinthu 79 zodziwika kapena zokayikiridwa kuti zimayambitsa khansa pa maselo a munthu mu labotale, ndipo 41 mwa izo zinasiya chizindikiro chodziwika bwino. Zizindikiro zimenezi zimasungidwa kuti ofufuza aziyerekezera ndi zimene akupeza mwa odwala. Umu ndi mmene anazindikirira poizoni wa m'zitsamba uja mwa odwala a ku Taiwan.

Pamene kompyuta imalephera

Agogo aja odziwa bowa nawonso nthawi zina amalakwitsa, ndipo chaka ndi chaka timamva za mabanja amene adya bowa wakupha. Kompyuta nayo ili ndi malire ake.

Choyamba, imangodziwa zofanana ndi zimene inaphunzira. Zinthu zambiri zoopsa kwambiri ku mapapo sizili m'gulu limene QSAR imaliwerenga bwino. Asbestos amavulaza chifukwa ndi timaulusi tosongoka tosasungunuka timene timakodwa m'mapapo. Fumbi la miyala limatupitsa mapapo kwa zaka zambiri. Radon ndi mpweya wochokera m'nthaka, wopanda fungo, umene umatulutsa cheza chowononga maselo. Komanso munthu sapuma kemikolo imodzi payokha. Utsi wa m'khitchini ndi msanganizo wa zinthu mazanamazana.

Chachiwiri, si choyambitsa khansa chilichonse chimene chimasiya mapazi mu DNA. Mu 2023, gulu la Charles Swanton ku Francis Crick Institute ku London linaonetsa kuti tinthu ting'onoting'ono ta mu mpweya woipa, totchedwa PM2.5, titha kuyambitsa khansa mwa njira ina. Anthu ambiri athanzi ali kale ndi maselo ochepa m'mapapo amene jini yake ya EGFR inasintha chifukwa cha kukula chabe, ndipo maselowo amangokhala phee. Tinthu timeneti tikalowa, timayambitsa kutupa kumene kumadzutsa maselo ogonawo. Izi anazitsimikiza poyesa pa mbewa ndi pa maselo a anthu. Pulogalamu yongosaka zilembo zosinthika sikanaziona.

Dziko lathu linaphunzirapo kale phunziro lofanana ndi limeneli pa khansa ina. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri. Mu 2021 kafukufuku wa zotupa 552 zochokera m'maiko 8, kuphatikizapo Malawi, Kenya ndi Tanzania, anasaka chizindikiro cha kemikolo chimene chingafotokoze chifukwa chake khansayi ili yochuluka m'maiko ena kuposa ena. Sanachipeze. Zotupa za kumene khansayi ndi yochuluka zinali zofanana kwambiri ndi za kumene ndi yochepa.

Chachitatu, chinthu chooneka chanzeru papepala chitha kukhala cholakwika mwa munthu. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mapiritsi a beta-carotene angateteze osuta fodya ku khansa. Atayesa pa amuna osuta pafupifupi 29,000 ku Finland, zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti amene ankamwa mapiritsiwo anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka kuposa amene sankamwa. Apa tikunena za mapiritsi amphamvu, osati karoti kapena mango amene mumadya.

Chachinayi, zambiri zimene makompyutawa anaphunzira zinachokera kwa odwala a ku Ulaya, America ndi kum'mawa kwa Asia. Zotupa za anthu a kuno ku Africa zimene DNA yake yawerengedwa ndi zochepa kwambiri. Ngati pali chinthu chimene chimavulaza mapapo a mayi wophika pamafuwa ku Ntcheu koma sichipezeka ku London, kompyuta singachione mpaka zotupa za kuno zitaunikidwa.

Amene amapereka chigamulo

Bungwe la IARC, limene likulu lake lili mumzinda wa Lyon ku France, lakhala likusonkhanitsa akatswiri kuyambira mu 1971 kuti aziunika umboni wonse wokhudza chinthu chimodzi: wa anthu, wa nyama, ndi wa mmene chinthucho chimagwirira ntchito m'maselo. Zotsatira za makompyuta zimathandiza posankha zoyenera kuunikidwa msanga komanso pofotokoza mmene chinthu chimavulazira, koma pazokha sizikwanira kuika chinthu m'gulu la zotsimikizika.

Gulu 1 ndi la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Gulu 2A ndi la zimene umboni wake ndi wamphamvu koma sunakwane. Gulu 2B ndi la zimene umboni wake ndi wochepa. Dziwani kuti magulu amenewa akunena za kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi. Zinthu ziwiri zitha kukhala m'gulu limodzi, china n'kukhala choopsa kwambiri kuposa chinzake.

Pa khansa ya m'mapapo, m'gulu 1 muli kusuta fodya, kupuma utsi wa fodya wa wina, asbestos, radon, fumbi la miyala lokhala ndi silika, arsenic, cadmium, ndi utsi wa malasha oyatsidwa m'nyumba. Utsi wa dizilo unalowa m'gululi mu 2012, mpweya woipa wa panja mu 2013, ndipo utsi wa kuwotcherera zitsulo mu 2017. Utsi wa nkhuni zophikira m'nyumba uli m'gulu 2A.

Izi zikukukhudzani bwanji kuno kwathu?

Werenganinso mndandandawo muli ndi moyo wathu m'maganizo. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, nthawi zambiri m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo. M'mbali mwa misewu muli anthu oswa miyala tsiku lonse opanda chotchinga pamphuno. M'misika muli anyamata owotcherera mageti ndi mafelemu. M'madepoti, makondakitala ndi ogulitsa malonda amapuma utsi wa dizilo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'midzi muli azibambo amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa nthawi ya Wenela ndi Theba, n'kubwerako ndi fumbi m'chifuwa. Ndipo ndife dziko lolima fodya, lomwe linalowa mu pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023 chabe. Chingambwe sichiposa ndudu ya m'sitolo pa chitetezo, chifukwa poizoni wambiri amachokera pa kuyaka kwa tsambalo.

Zonsezi sizikudikira kompyuta. Ku Xuanwei, m'chigawo cha Yunnan ku China, amayi osasuta ankadwala khansa ya m'mapapo mochuluka modabwitsa chifukwa chophikira malasha a utsi m'nyumba zopanda chumuni. Kafukufuku amene anatuluka mu 2002 anaonetsa kuti m'mabanja amene anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito mbaula zokhala ndi chumuni, chiopsezo cha khansayi chinatsika kwambiri. Malasha si nkhuni, koma phunziro lake ndi lomwelo: utsi utuluke m'nyumba. Phikirani panja kapena pamalo odutsa mphepo, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, musawotche mapulasitiki ndi zinyalala pafupi ndi nyumba, ndipo ana asakhale pa utsi. Ngati mumaswa miyala, kuwaza madzi kumachepetsa fumbi. Ngati denga lanu ndi la asbestos lakale, musalicheke kapena kuliphwanya mwachisawawa.

Vuto lina ndi lakuti zizindikiro za khansa ya m'mapapo zimafanana ndi za chifuwa chachikulu cha TB: kutsokomola kosatha, magazi m'makhololo, kuwonda, kupweteka m'chifuwa, kubanika. Ngati mwatsokomola kwa masabata awiri, pitani kuchipatala mukayezetse TB. Ngati TB sinapezeke koma chifuwa sichikutha, kapena mwamwa mankhwala a TB mokhulupirika koma palibe kusintha, bwererani ndipo mufunse ngati pangafunike kujambula chifuwa kapena kukutumizani kuchipatala chachikulu. Uzani dokotala ntchito zonse zimene munagwirapo, ngakhale za zaka 30 zapitazo, komanso ngati mumakhala ndi munthu wosuta. Wodwala aliyense wopezeka ndi kulembedwa molondola amathandizanso kuti chiwerengero cha dziko lathu chikhale choona.

Uthenga wotsatira ukafika pa foni yanu

Tsiku lina mudzalandira uthenga wakuti kemikolo ina ya mu sopo, mu mafuta odzola kapena mu chakumwa "yapezeka kuti imayambitsa khansa". Musanautumize kwa ena, funsani mafunso atatu. Kodi zimenezi zapezeka pakompyuta, m'maselo a mu labotale, pa nyama, kapena mwa anthu? Kodi mlingo umene anayesa ukufanana ndi umene munthu amakumana nawo tsiku ndi tsiku? Kodi IARC kapena WHO yanenapo chiyani? Ngati uthengawo sukutchula dzina la ofufuza, chaka, kapena kumene nkhaniyo inasindikizidwa, usiyeni pomwepo.

Kwa inu amene mumasuta, njira zomwezi zowerengera DNA zinapeza china chofunika kuti mumve. Mu 2020 akatswiri a ku Britain anaunika maselo a m'njira za mpweya a anthu 16, osuta, osiya ndi osasuta. Mwa amene anasiya fodya anapeza gulu la maselo amene DNA yake inali pafupifupi ngati ya munthu amene sanasutepo, ndipo maselo oterewa anali ochuluka kanayi kuposa mwa amene ankasutabe. Izi zinaoneka ngakhale mwa anthu amene anasuta zaka zambiri. Madokotala aja a ku Britain amene anatsatiridwa zaka 50 anaonetsanso zofanana: osuta moyo wawo wonse ankamwalira msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma amene anasiya ali ndi zaka 30 anapewa pafupifupi chiopsezo chonse chowonjezeracho, ndipo ngakhale amene anasiya ali ndi zaka 60 anawonjezera zaka pafupifupi zitatu pa moyo wawo. Ngati mukufuna kusiya koma zikukuvutani, kambiranani ndi azaumoyo a kuchipatala chimene muli nacho pafupi.